Buluku la malemu bambo ndi chithunzi cha nkhope ziwiri: ndalakwira ndani?

MwanaWaChigafa:
Ndikupempha maganizo kwa inu amene mumadziwa za kujambula, komanso kwa akuluakulu amene munaona zaka za m'ma 1970 ndi maso anu. Ine ndine mtsikana wa kuno ku Kasungu, mzime m'banja mwathu, ndipo bambo anga anatisiya zaka ziwiri zapitazo. Pamene tinkagawa katundu wawo tinatsegula sutikesi yachitsulo imene anabwera nayo kuchokera ku migodi ya ku Joni, ndipo pansi penipeni tinapeza buluku lotambalala kumiyendo, lija ankati belobotomu, shati ya kolala yaitali yosongoka, ndi nsapato za chidendene chokhuthala. Zonse zinali zopindidwa mwaukhondo, ndipo bulukulo linkaoneka kuti silinachapidwe kambiri. Chimene chinandikhudza n'chakuti pa zithunzi zisanu ndi chimodzi za bambo zimene tili nazo pakhomo, palibe ndi chimodzi chomwe chimene anavala zovala zimenezi. Paliponse ali mu jekete yakuda, manja ali m'mbali, ngati munthu woitanidwa kubwalo la milandu.

Ndinaganiza zojambula ndekha chithunzi chimene bambo sanajambulitse. Mwezi wa Ogasiti, chigafa chathu chili chopanda fodya, ndinavala zovalazo usiku, ndinakhazika foni pa njerwa, ndipo ndinasiya kamera yotsegula kwa masekondi 15 uku ndikudziwalitsa ndi tochi, kaye nditayang'ana kumanja, kenako kumanzere. Chimene chinatuluka ndi munthu mmodzi wa nkhope ziwiri, thupi lake likuonetsa nsichi za chigafa zimene zinali kumbuyo kwanga. Maganizo amenewa ndinawatenga nditaona zithunzi za Claude Cahun, amene ankadzijambula yekha ku France zaka pafupifupi zana zapitazo.

Azakhali anga ataona chithunzicho anakhumudwa kwambiri. Akuti mwana wamkazi savala buluku la malemu bambo ake, ndipo akuti chithunzi chotere ndi cha mzukwa, chikhoza kuitana malodza pakhomo. Mafunso anga ndi awiri. Kodi ndalakwira malemu, kapena azakhali akungoopa chinthu chimene sanachionepo? Funso lachiwiri ndi la luso: pa zithunzi khumi zimene ndajambula, zisanu ndi zitatu zikutuluka zosaoneka bwino, ngati ndajambula kudzera m'madzi, ndipo sindikudziwa pamene ndikulakwitsa.

Mtchona_Wakale:
Mwanawe, chifukwa chimene bambo ako sadajambulitsire chithunzi atavala buluku limenelo ndikuchidziwa, pakuti nanenso ndidali nalo langa. Tidapita kumigodi kudzera ku Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za kumigodi ya ku Joni, ndipo kumeneko mnyamata aliyense akalandira malipiro oyamba ankathamangira buluku lotambalala, chipeso cha afro ndi mbale za gumbagumba. Ndege ya Wenela itagwa ku Francistown, ku Botswana, mu 1974 ndi kupha anzathu oposa 70, boma lidaimitsa ulendo wa kumigodi, ndipo tidayamba kubwerera m'magulumagulu. Tidafika kuno lamulo la kavalidwe la 1973 likugwira kale ntchito. Akazi sankaloledwa kuvala buluku kapena siketi yoonetsa mawondo, amuna sitinkaloledwa tsitsi lalitali, ndipo belobotomu nalonso lidaletsedwa. Ine tsitsi langa lidametedwa ndi lumo losathwa pa depoti ina, anthu akuonerera, tsiku lomwe ndidatsika basi. Buluku ndidalipinda tsiku lomwelo, ndipo patapita zaka mayi a kunyumba adalidula n'kusokera ana makabudula. Bambo ako adali wolimba mtima kuposa ine, popeza adalisunga lathunthu zaka zonsezi. Munthu sasunga chinthu chimene akuchita nacho manyazi.

NaPhiri_wa_Santhe:
Ine ndili kumbali ya azakhali. Zovala za malemu zili ndi mwambo wake, ndipo pa chikhalidwe chathu si mwana amene amadzisankhira chimene atenge m'sutikesi. Kodi abale a bambo anu anakupatsani zovalazo pa nthawi yogawa katundu, kapena munangozitenga?

MwanaWaChigafa:
Mayi NaPhiri, funso lanu ndi loyenera. Zovalazo ndinapatsidwa pamaso pa abale, chifukwa achimwene anga onse awiri anazikana, ati palibe kumene angapite nazo. Koma ndivomereze kuti amene anandipatsa ankaganiza kuti ndizisunga, sankadziwa kuti ndizivala.

Jambulani_Chamama:
Ndiyambe ndi funso la luso, popeza ndilo ndingathe kuliyankha mosakayika. Zithunzi zanu zikutuluka ngati za m'madzi pa zifukwa ziwiri, ndipo chachikulu ndi chakuti foni ikakhala mumdima imalephera kupeza pamene iyang'ane, choncho imangosakasaka mpaka nthawi yojambula ikwane. Chitani izi. Ikani mtondo kapena mpando pamalo penipeni pamene mudzaime, muuwalitse ndi tochi, mukonze focus (pamene kamera ikuyang'ana) pa dzanja mpaka m'mphepete mwa mtondowo muoneke bwinobwino, ndipo musayikhudzenso. Lembani mzere pansi ndi khala, chotsani mtondo, ndipo muime pa mzerewo. ISO, muyeso wa mmene kamera imamvera kuwala, muitsitse kufika pa 100, chifukwa ikakwera chithunzi chimadzadza timadontho ngati mchenga. Foni muimange ndi mphira ku njerwa ndipo mugwiritse ntchito timer ya masekondi khumi, yoti foni idikire kaye isanajambule, pakuti ngakhale kugunda kwa chala pa galasi kumagwedeza chithunzi chonse.

Chifukwa chachiwiri ndi tochi. Mukamatembenuza mutu tochi ili chiyakire, kamera imalemba njira yonse imene nkhope yadutsa, n'chifukwa chake ikuoneka yopakika. Yatsani tochi kwa sekondi imodzi kapena ziwiri mutaima chilili osapuma, muzimitse, mutembenuke mumdima, kenako muyatsenso. Kamera siona chimene chachitika mumdima.

Za thupi loonetsa nsichi, palibe chamatsenga. Kamera yotseguka imangounjika kuwala kulikonse kumene kwafika, ndipo sichotsa kumene kwalowa kale. Ngati tochi yawalitsa nsichi pa nthawi imene inu munali mutasuntha, nsichizo zimalembeka pamalo omwewo pamene thupi lanu linali. Mukafuna thupi lolimba, kolekani bulangeti lakuda kumbuyo. Mukafuna loonekera mkati, siyani momwemo. Ndikuchenjezeninso kuti musayese kulowa ndi koloboyi kapena kandulo m'chigafa, chifukwa udzu wa padenga ndi zinyenyeswa za fodya wouma zimayaka mofulumira kuposa mmene munthu angathamangire ndi chidebe.

Mdala_wa_Njinga:
Kuwerenga zimene alemba a Jambulani kwandikumbutsa ntchito yanga yakale. Ndidayenda ndi kamera pa njinga m'maesiteti a fodya kuyambira ku Chatoloma mpaka ku Mtunthama, kujambula matenanti akalandira ndalama zawo pakutha pa nyengo. Filimu imodzi inkatenga zithunzi 36, ndipo ndinkatumiza ku Lilongwe kukatsukitsa, n'kudikira sabata ziwiri. Kamera yanga idali ndi vuto lakuti nthawi zina filimu sinkasuntha, choncho anthu awiri ankagwera pa chithunzi chimodzi. Ndikukumbukira chithunzi cha mkwatibwi amene pachifuwa pake padatuluka mutu wa ng'ombe ya pangolo imene ndidajambula m'mawa wa tsiku lomwelo kwa mlimi wina. Eni ukwati adakana kulipira, ndipo mayi wa mkwatibwi adanena mawu omwewo amene azakhali ako anena, akuti ndi malodza. Ndidang'amba zithunzi zotere zambirimbiri chifukwa zidali chitayiko pa bizinesi. Lero ndikumva kuti kunja kuli anthu amene ankazipanga dala n'kutchuka nazo, ndipo sindikudziwa ngati ndiseke kapena ndidandaule.

Kalilole_KU:
A Mdala, musadandaule kwambiri, chifukwa mbali yaikulu ya luso limeneli inabadwa m'zolakwika ngati zanuzo. Man Ray, Mmereka amene anasamukira ku Paris mu 1921, anatchuka ndi njira yotchedwa solarisation, imene kuwala kumaloledwa kulowa kwa kanthawi kochepa pamene filimu ikutsukidwa, ndipo mbali zina zakuda zimasanduka zowala, m'mphepete mwa thupi n'kutsala mzere ngati wolembedwa ndi pensulo. Lee Miller, amene ankagwira naye ntchito, ankasimba kuti zinayamba pamene iye anayatsa getsi mwamantha chifukwa kanthu kena kanamukwawa paphazi m'chipinda chamdima. Kusiyana kwawo ndi inu n'kwakuti iwo analibe mayi wa mkwatibwi wowadikira pakhomo.

Luso limeneli limayendera limodzi ndi surrealism. Kwa amene mawu amenewa ndi achilendo, linali gulu la alembi ndi ojambula limene André Breton analilembera chikalata chake choyamba ku Paris mu 1924. Breton anatumikirapo m'zipatala za asilikali osokonezeka maganizo pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndipo anthu a m'badwo wake anataya chikhulupiriro mwa nzeru zadongosolo zimene zinatengera achinyamata mamiliyoni kukafera m'maenje. Anatembenukira ku maloto ndi ku zinthu zimene munthu amabisa ngakhale kwa iye mwini. Claude Cahun, amene mwamutchula achemwali, anabadwa mu 1894 ku Nantes ndi dzina lakuti Lucy Schwob, ndipo ankadzijambula atameta mpala, atavala zachimuna, nthawi zina pafupi ndi kalilole, nthawi zina ali ndi mitu iwiri, mothandizidwa ndi mnzake Marcel Moore. Sikunali kungosewera ndi zovala. Awiriwa atasamukira pa chilumba cha Jersey, chimene Germany inadzalanda pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, anafalitsa mobisa timapepala totsutsa asilikali a Germany, anagwidwa mu 1944 n'kugamulidwa kuti aphedwe, ndipo anapulumuka chifukwa nkhondo inatha mu 1945. Choncho mtsikana wovala buluku la bambo ake m'dziko limene mkazi ankamangidwa chifukwa cha buluku ali pafupi kwambiri ndi mzimu wa Cahun kuposa mmene iye mwini akuganizira.

Wosakhutira_Nkhamenya:
Zonsezi ndi zachizungu. Mwatchula Paris, Nantes ndi Jersey, nanga Kasungu ali pati? Mwana akufuna kukumbukira bambo ake, inu mukumupatsa mayina a anthu amene sanamvepo fungo la fodya wa m'chigafa.

Kalilole_KU:
Achimwene a ku Nkhamenya, ndiye tiyeni tibwere kuno ku Africa. Samuel Fosso anabadwa mu 1962 ku Cameroon, anakulira ku Nigeria pa nthawi ya nkhondo yapachiweniweni ya Biafra, ndipo anatsegula situdiyo yake ku Bangui, likulu la Central African Republic, mu 1975 ali ndi zaka 13 zokha. Masana ankajambula makasitomala, ndipo usiku, pofuna kumaliza zithunzi zotsala pa filimu kuti aitsuke, ankavala mabelobotomu, nsapato zazitali ndi magalasi akuda n'kudzijambula yekha. Zina ankatumiza kwa agogo ake ku Nigeria kuti aone kuti ali moyo. Dziko linamudziwa mu 1994 pa chionetsero cha zithunzi ku Bamako. Taonani chaka chimenecho cha 1975: ndi nthawi yomweyo imene bambo a mnzathuyu ankapinda buluku lawo n'kuliika pansi pa sutikesi. Ku Mali, Malick Sidibé ankayenda usiku m'maphwando a achinyamata a ku Bamako m'zaka za m'ma 1960, ndipo lero tikudziwa mmene ankavalira ndi mmene ankavinira. Ku Kinshasa kunali anyamata otchedwa Bills amene ankavala ngati anyamata oweta ng'ombe a m'mafilimu a ku America, ndipo Jean Depara anawajambula. Ku Sophiatown, dera la ku Johannesburg, magazini ya Drum inasunga zipewa ndi masuti a m'zaka za m'ma 1950. Ife kuno tili ndi chiyani? Achinyamata athu a nthawi imeneyo analipo, anali ndi nyimbo zawo ndi kavalidwe kawo, koma pa zithunzi zambiri zimene zatsala m'nyumba zathu ali mu jekete, manja m'mbali. Mpata umenewo ndi umene chithunzi cha m'chigafa chikuyesa kudzaza.

MphunzitsiWopuma:
Ndawerenga zonse mofatsa, ndipo ndili ndi nkhawa imene palibe amene waitchula. Ine ndidaphunzitsa mbiri yakale kwa zaka zambiri ku sekondale, ndipo ndikudziwa mmene chithunzi chimasandukira umboni chikangochoka m'manja mwa mwini wake. A Kalilole akunena za kudzaza mpata, koma mpatawo nawonso ndi umboni. Kusapezeka kwa chithunzi cha bambo atavala belobotomu kukutiuza zoona za nthawi imeneyo kuposa chithunzi chilichonse chimene tingapange lero. Lamulo lija lidafika poyeza buluku ndi tepi: ngati mkombero wa m'munsi mwa mwendo udaposa wa pamalo opanikiza kwambiri ndi gawo loposa limodzi mwa magawo asanu, bulukulo lidali loletsedwa. Mwana wa lero akaona chithunzi chakuda ndi choyera cha munthu wovala zoterezi m'chigafa, popanda mawu ofotokoza, adzanena kuti anthu ankavala momasuka m'nthawi ya Kamuzu.

Kunama ndi kamera sikudayambe lero. Mu 1840 Mfalansa wina, Hippolyte Bayard, atakwiya kuti boma lidalemekeza Daguerre, mnzake wina wotulukira njira yojambulira zithunzi, n'kumuiwala iye, adadzijambula ngati mtembo wa munthu womira m'madzi ndipo adalemba kumbuyo kwa chithunzicho kuti wadzipha, pamene adali wamoyo ndipo adakhalabe zaka zina zambiri. Chimenecho ndi chimodzi mwa zithunzi zoyambirira zodzijambula, ndipo chidali chabodza. Sindikuletsa mwanayu. Ndikungopempha kuti pa chithunzi chilichonse alembe chaka chimene wajambula ndi kunena kuti wovalayo ndi mwana wa mwini zovala.

MwanaWaChigafa:
Aphunzitsi, pempho lanu ndalilandira ndipo ndidzalemba chaka. Koma ndiloleni nditsutse pang'ono. Chifukwa chimene sindinadzijambule masana, nditaima bwinobwino ngati mu situdiyo, ndi chomwecho chimene mukuchiopa. Ndikadatero ndikadapanga chithunzi chonamizira cha 1975. Munthu wa nkhope ziwiri amene nsichi zikuonekera m'chifuwa mwake palibe angamutenge ngati umboni wa kalikonse. Aliyense akuona kuti ndi chinthu chimene sichinachitike, ndipo ndimo ndikufunira kuti chioneke, popeza bambo anga ovala buluku limeneli pa bwalo la ku Kasungu sanakhalepo kwina kulikonse koma m'maganizo mwawo.

MphunzitsiWopuma:
Pamenepo wandigonjetsa pa theka la mlandu. Chaka ulembebe.

Mnyamata_wa_Graphics:
Ine ndikuona kuti mukuvutika ndi njerwa ndi tochi pa chinthu chimene pa kompyuta chimatenga mphindi zisanu. Jambulani zithunzi ziwiri masana, muziphatikize mu pulogalamu yokonzera zithunzi ya Photoshop, basi. Ndipo ngati mukufuna surrealism yeniyeni ya kwathu kuno, bwerekani chigoba cha gule muvale pamodzi ndi belobotomu. Chithunzi chimenecho chikhoza kufika patali pa intaneti.

Mlonda_wa_Mwambo:
Mnyamata iwe, mawu amenewo uwabweze. Gule Wamkulu si kaunjika woti munthu abwereke n'kubweza. Sindingalankhule zambiri pagulu losakanikirana ngati lino, koma chimene aliyense wa kuno akudziwa n'chakuti zilombo zimachokera kudambwe, zimatuluka pa maliro, pa chinamwali ndi pa kulonga ufumu, ndipo zili pansi pa ulamuliro wa mafumu. Munthu wosalowa, makamaka wamkazi, akapezeka ndi chinthu chimenecho n'kuchiika pa Facebook, mlandu wake sukhala wa iye yekha, umagwera banja lonse, ndipo azakhali amene akudandaula za buluku lokha adzakhala oyamba kuitanidwa kwa a nyakwawa. Pamene UNESCO idalemekeza Gule Wamkulu mu 2005 sidanene kuti tsopano ndi wa aliyense wokhala ndi foni. Mwana wamkazi amene wayambitsa nkhaniyi wafunsa mwaulemu, ndipo usamukankhire m'dzenje limene iwe sudzagweramo.

Kalilole_KU:
Pa nkhani iyi ndikugwirizana ndi a Mlonda kotheratu, ndipo ndionjezere kuti apa ndi pamene a surrealism a ku Paris analakwitsa kwambiri. Ankagula zigoba za ku Africa ndi za ku zilumba za Pacific m'masitolo n'kuzikoleka m'nyumba zawo, osadziwa wosema, osadziwa mwambo wake. Man Ray yemwe uja anajambula mu 1926 chithunzi chotchuka cha mkazi wachizungu atagoneka mutu pa tebulo pafupi ndi chigoba chakuda cha kumadzulo kwa Africa. Dzina la mkaziyo, Kiki de Montparnasse, aliyense akulidziwa, pamene la wosema chigobacho palibe analisunga. Zingakhale zomvetsa chisoni ife eni ake titachita zomwezo ndi miyambo yathu. Amene akufuna kuphimba nkhope apange chophimba chake. Zanele Muholi wa ku South Africa amadzijambula atadzikongoletsa ndi zopanira zovala pa chingwe ndi zokwechera mapoto, pokumbukira mayi ake amene anagwira ntchito ya m'nyumba za azungu zaka zambiri. M'chigafa muli masamba a fodya, chiguduli, chingwe chosokera fodya ndi lichero. Zimenezo zikunena za Kasungu popanda kupalamula mlandu kwa mfumu.

Jambulani_Chamama:
Za Photoshop ndiyankheko mwachidule. N'zoona kuti n'zotheka, ndipo ine ndimaigwiritsa ntchito tsiku lililonse pa zithunzi za maukwati. Koma pa kompyuta umapeza chokhacho chimene unaganiza kale, pamene mumdima tochi ikatsetsereka pang'ono umapeza chimene sunachiganize, monga ng'ombe ya a Mdala ija.

WaMganda_Wimbe:
Ndakhala ndikudikira kuti wina atchule mganda, koma palibe watero, choncho nditchule ndekha. Mukufunafuna magulu a achinyamata a kavalidwe kawokawo ku Kinshasa ndi ku Johannesburg pamene lathu lili pakhomo. Mganda, monga malipenga a kumpoto, unachokera kwa anthu amene anaona perete wa asilikali a atsamunda pa nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndipo anyamata a m'midzi anautenga n'kuusandutsa gule wawo. Kabudula woyera wosita mpaka mzere wake uthwe, shati yoyera, sokosi zofika m'mawondo, kampango m'dzanja, mabadza opangidwa ndi zikho m'malo mwa malipenga achitsulo, ndi maudindo a mfumu, kapitawo ndi dokotala mkati mwa gulu. Anyamata ankapikisana pa ukhondo ngati mmene ankapikisirana pa masitepe, ndipo wovala sokosi yakuda ndi fumbi ankachititsa manyazi mudzi wonse. Kodi si zomwezo zimene a sapeur, akatswiri otchena a ku Brazzaville, amachita ndi masuti awo? Munthu wopanda nsapato yopitira kumunda kuvala zoyera mbuu n'kuguba ngati kazembe wa mfumu ya ku England, ndi chikho pakamwa, ameneyo anali atayamba kale kusakaniza maloto ndi zenizeni. Ndipo mganda si wachinsinsi, aliyense akhoza kuujambula ndi kuuvala. Achemwali, mukadzatopa ndi belobotomu, zovala za mganda za malemu agogo anga ndili nazo, ndipo ndingakonde kuona chimene tochi yanu ingachite ndi nsalu yoyera mumdima.

Jambulani_Chamama:
Nsalu yoyera imabweza kuwala kwambiri, choncho ngati mudzayesa za mganda mudzaphimbe tochi ndi pepala kapena kansalu kopyapyala, apo ayi shati idzangokhala chibanthu choyera chopanda mizere, nkhope n'kutsala mumdima.

NaPhiri_wa_Santhe:
Mwakambirana za ku France ndi za mganda, koma azakhali aja akadali okhumudwa kunyumba. Ine ndinakula m'nthawi ya lamulo lija, ndipo ngakhale linachotsedwa pamene dziko linkabwerera ku zipani zambiri, mpaka lero sindinavalepo buluku ndipo sindidzavala. Si onse amene tinkaliona ngati goli, ena tinkaliona ngati ulemu. Koma chimene ndikufuna kunena si chimenecho. Mayi amene wataya mlongo wake akaona zovala za mlongoyo zitaima mumdima, zili ndi nkhope yofanana naye koma yosagwirika, sakuona luso, akuona maliro achiwiri. Mwana wanga, iwe unawaonetsa chithunzi pa foni mwadzidzidzi. Ukadayamba wapita ndi bulukulo m'manja, n'kukhala pansi, n'kuwafunsa kuti akuuze za tsiku limene achimwene awo anabwera nalo. Iwo analipo tsiku limenelo, ife tonse pano kunalibe.

Mtchona_Wakale:
Mayi NaPhiri anena zoona. Alongo athu ndiwo ankatichingamira pa siteji ya basi, ndipo ndiwo ankatibisira katundu.

MwanaWaChigafa:
Ndabweranso patapita masiku asanu kudzakuuzani zimene zachitika. Ndinatsatira uphungu wa mayi NaPhiri. Loweruka ndinapita kwa azakhali ndi sutikesi yonse, foni ndinaisiya kunyumba. Anakhala nthawi yaitali akusisita kolala ya shati ija osalankhula. Kenako anandiuza chinthu chimene ngakhale mayi anga sankachidziwa, chakuti bambo analivala bulukulo kamodzi kokha kuno kumudzi, usiku wa tsiku limene anafika, m'nyumba ya agogo zitseko zili zotseka, ndipo anavina nyimbo imodzi pa gumbagumba azakhali ndi ang'ono awo akuwomba m'manja motsitsa kuti anthu oyandikana nawo asamve. M'mawa mwake agogo aamuna analamula kuti lisatulukenso m'sutikesi, poopa kuti mwana wawo angakathere kupolisi ndi ndalama zonse za kumigodi.

Chithunzi cha nkhope ziwiri sanasinthe nacho maganizo. Akuti sakufuna kuchionanso, ndipo ndalonjeza kuti sichidzakolekedwa m'nyumba imene iwo amalowa, komanso kuti sindidzachiika pa gulu la banja. Koma za kuvala bulukulo anati mlanduwo authetsa okha ndi abale, ndipo anandiuza kuti ndinalakwitsa nsapato, chifukwa usiku umenewo bambo anavina opanda nsapato kuti pansi pasamveke.

Lamlungu usiku ndinayesanso motsatira malangizo a Jambulani, ndi mtondo, mzere wa khala ndi bulangeti lakuda. Pa zithunzi khumi ndi ziwiri, zisanu ndi ziwiri zatuluka zakuthwa. Ndinavula nsapato, ndinawalitsa mapazi ndi m'munsi mwa buluku mokha, katatu pa malo atatu osiyana, kotero kuti pa chithunzi pali mapazi asanu ndi limodzi pa dothi la chigafa ndipo kuyambira m'chiuno kupita m'mwamba muli mdima. Vuto latsopano n'lakuti phazi lachitatu kumanzere likutuluka lofiira kuposa anzake, ndipo ndikukayikira kuti mabatire a tochi amafooka ikayaka kachitatu. A Jambulani, kodi ndisinthe tochi, kapena pali chimene ndingakonze pa white balance, pokonzera mitundu ya chithunzi?

Jambulani_Chamama:
Musagule tochi ina msanga. Chotsani white balance pa auto muikhazike pamalo amodzi, ikani mabatire atsopano, ndipo muone ngati poponda kachitatu simukuyandikira khoma la njerwa zootcha, chifukwa njerwa zimabweza kuwala kofiira pa khungu. Ngati mukuyandikira, sunthani mzere wa khala uja ndi phazi limodzi kulowera pakati pa chigafa, ndipo mukonzenso focus pa mtondo musanayambe.